Mawu Obedwa ku Sitolo ya Magalasi

Sajeni atafika pa sitolo ya magalasi anapeza a Mkuntho ataima pakhomo, tsaya limodzi litatupa, akukalipira ngakhale anthu ongodzidutsira. Dzina limenelo sanabadwe nalo ayi. Anawapatsa ndi antchito awo, ndipo iwo eni anatopa nako kulikana, chifukwa munthu wake akatsegula pakamwa, magalasi oyedzamira khoma ankachita kunjenjemera.

"Mwachedwa!" anatero asanapereke n'komwe moni. "Wakuba ndakugwirirani kale. Uyo wakhala apoyo. Mlongo wanga weniweni, bere limodzi! Ndalama zonse zoitanitsira katundu wa chaka chino wazikokolola, osasiyako ngakhale yogulira msomali."

Kuseri kwa kauntala kunakhala mayi wochepa thupi, wa imvi za apo ndi apo, mandala atapachika pa chingwe m'khosi. Onse pa sitolopo ankawatchula kuti Azakhali. Ndiwo ankasunga makiyi ndi foni ya sitolo, imene ndalama zonse zinkalowera ndi kutulukira, kuyambira tsiku limene chitseko chinatsegulidwa koyamba.

"Mayi, ndalamazo munatumiza ndinu?" anafunsa Sajeni.

"Ndinatumiza ndine."

"Mwamvatu!" anakuwa a Mkuntho.

"Anandituma ndi achimwenewo," Azakhali anapitiriza motsitsa mawu.

"Ine? Ine m'mawa wonse ndinali kwa dokotala wa mano, kukamwa kuli yasa, thonje lili tho! Ndikanakutuma ndi mphuno?"

Azakhali anangokankhira foni ija kwa Sajeni. Panali nambala yachilendo, koma chithunzi chake chinali cha a Mkuntho. Pansi pake panali uthenga wa mawu. Sajeni anaudina.

"Iwe Chemwali! Foni yanga yagwera m'madzi, ndabwereka ya munthu. A kampani ya magalasi asintha akaunti. Tumiza zonse pa nambala ndakulemberayi pompano, katundu asamupatse wina. Usandiimbire, ndili mu ofesi mwa anthu! Ukatha umuuze Chipewa athire mafuta m'lole, mawa akanyamule. Wamva? Ndisabwereze!"

Ngakhale wodula magalasi, amene anali ataweramira tebulo lake kumapeto kwa chipinda, anaimitsa dzanja. Zonse zinalimo, abale: kusasa kwa mawu, kupuma kolemera, mpaka kakhosomo kaja kamene munthuyo ankayamba wachita asananene kuti "wamva". Sajeni akanatseka maso akanalumbira kuti walankhula ndi bambo amene waima pambali pakeyo.

A Mkuntho anagwira tsaya lotupa lija, maso ali tong'o.

"Ameneyo ndine," ananong'ona. "Koma si ine."

Mantha awo sanakhalitse. Anasanduka ukali pomwepo.

"Walemba ganyu munthu wonditsanzira! Mutengeni! Ndadandaula kale ku ofesi kwanu, ndipo sindibweza mawu. Akafotokozere woweruza."

Sajeni sakanachitira mwina. Dandaulo linalipo, ndipo mayiwo anavomera okha kuti ndalama anatumiza ndi dzanja lawo. Ngati mwini mawu aja sapezeka, Azakhali akaimirira m'khoti ngati mbava, ndipo pa msinkhu wawo ndende ikanangowamaliza. Zimenezi zinamuwawa Sajeni, pakuti mbava anali ataziona zambiri, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inayamba yatseka kaye bwino kabati ya abwana ake ndi kupereka makiyi isanakwere galimoto ya polisi.

* * *

Atawasiya Azakhali ku polisi, Sajeni anabwerera kwa wodula magalasi. Anali bambo wosafulumira, zala zonse zili m'mapulasitala. Anayala galasi pa tebulo la bulangete, anaika rula, n'kukokera chodulira kamodzi, kenaka anathyola kuti thwa.

"Abwana anu amatumiza mauthenga otere kawirikawiri?"

"Otere okhaokha. Salemba. Amati zala zawo n'zazikulu, zimadina zilembo ziwiriziwiri. Akadzuka, mawu. Ali m'bafa, mawu. Foni yanga inadzaza mpaka ndinafufuta zithunzi za ana anga."

"Nanga munthu ukapanda kumvetsa, suwaimbira kufunsa?"

Bamboyo anadzutsa mutu koyamba, n'kumuyang'ana Sajeni ngati wafunsa za misala.

"Kufunsa? Pano? Ine tsiku lina anandituma kudula galasi la windo limene ndinkadziwa kuti muyeso wake ndi wolakwika. Ndinadula chomwecho. Kuli bwino kuwononga galasi kusiyana n'kuwafunsa kawiri. Akati ndisabwereze, ndiye kuti nkhani yatha."

"Chipewa ndi ndani?"

"Anali dalaivala."

"Anali?"

"Anagubuduza lole yodzaza magalasi pa kona, miyezi yapita kale. Abwana anamuthamangitsa tsiku lomwelo, magazi akuchucha m'mutu. Lole nayo anaigulitsa kwa ogula zitsulo. Masiku ano timachita hayala."

Sajeni anaima kakasi. Mawu aja anati Chipewa athire mafuta m'lole. Chipewa kunalibe, lole kunalibe. Wakubayo ankaidziwa sitoloyi mpaka m'matumbo, ankadziwa amene amasunga foni, ankadziwa mawu amene amatseka anthu pakamwa, komabe sankadziwa chinthu chimene ngakhale wogulitsa nyuzi pa kona ankachidziwa.

Anaimbira foni ku polisi n'kupempha kuti amupatse Azakhali.

"Mayi, simunadabwe kumva za Chipewa?"

"Ndinadabwa, mwanangu. Mtima unandigunda ndithu. Ndinatenga foni kuti ndiwaimbire pa nambala yawo yakale, chala chili pomwepo. Koma ndinakumbukira kuti anati ndisabwereze. Ndinangoti mwina akhululukirana, poti achimwene sauza munthu zochita zawo."

"Chipewayo ndingamupeze kuti?"

"Amatsuka magalimoto kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Koma musamuvutitse, si wakuba."

Sajeni anapukusa mutu. Munthu ali m'chitolokosi, koma akuchonderera za ena.

* * *

Chipewa anamupeza atapinda thalauza mpaka m'mawondo, akukwecha matayala a minibasi. Atangoona yunifolomu anaponya burashi mu ndowa n'kukweza manja onse awiri.

"Bwana, ndamva kale! Nkhani yafika kuno isanakwane n'komwe nthawi ya nkhomaliro. Ine ndilibe nawo mawu. Inde anandichotsa ngati galu, inde ndinawatukwana, ndipo mukafuna ndibwereza zimene ndinanena. Koma kuba? Onani foni yanga iyi, ya mabatani, yomanga ndi mphira. Imeneyi ingatsanzire munthu? Ikulephera kulira n'komwe!"

"M'mawa unali kuti?"

"Pompano! Funsani madalaivala onsewa, funsani mayi ogulitsa sopo awo, ndinakangana nawo. Ndiponso bwana, taganizani. Ndibe ine, kenaka ndidzitchule ndekha dzina mu uthengamo? Ndine wosauka, koma si chitsiru."

Pamenepo ananena zoona, ndipo Sajeni anali ataziganiza kale ali m'njira.

"Ndiuze tsono. Ndani amakudziwa bwino, amadziwa za sitolo ija, koma sakudziwa kuti unachotsedwa?"

"Aa, palibe. Tauni yonse inaseka." Anatola burashi, kenaka anaima. Madzi a sopo anayenderera m'mkono mpaka m'chigongono osawapukuta. "Kupatula Injiniya."

"Injiniya?"

"Mwana wa abwana. Bambo ake ndiwo amamutchula choncho. Anapita kunja chaka chatha, akuti anapeza ntchito ya makompyuta pa intaneti, tikiti ya ndege anamulipirira a kampaniyo. Ndinamuphunzitsa kuyendetsa galimoto ndine ameneyo. Mayi ake anamwalira ali wakhanda, anamulera ndi Azakhali, kumubereka kumbuyo uku akugulitsa magalasi."

"Umalankhula naye?"

Chipewa anayang'ana pansi.

"Anandilembera sabata yatha. Anafunsa ngati Azakhali akadali pa kauntala, ngati foni ya sitolo akusungabe okha, ngati katundu wa chaka chino tayitanitsa kale. Ndinangoti mwana wasowa kwawo."

"Ndiye sunamuuze kuti ntchito inatha?"

"Ndikanayamba bwanji, bwana? Mwana amene ankandiona ngati mfumu ya pamsewu, ndimuuze kuti ndikutsuka matayala? Ndinamuyankha ngati ndikadali pa lole. Mafunso enawo ndinkawadziwa mayankho ake, poti wodula magalasi timamwera limodzi tiyi." Kenaka anamuyang'anitsitsa Sajeni. "Bwana, simukuganiza kuti... Ayi. Ayi, mwana uja ayi!"

Sajeni anatembenuka n'kulunjika ku polisi.

* * *

Ku polisi kunali kachipinda kopanda windo kamene anaikamo makompyuta, ndipo mwini wake anali wapolisi wachikulire wotchedwa Mawaya. Anamusamutsira kumeneko bondo litamukana kuthamangitsa akuba, ndipo ankakonda kunena kuti akuba a masiku ano ngakhale wa mawondo abwino sangawapeze.

"Ndalama zako ndazitsatira," anatero akusisita bondolo. "Zinalowa mu akaunti ya munthu wa dziko loyandikana nalo, mwina wosauka wina amene anabwereketsa chiphaso chake. Zisanatenthe n'komwe zinadumphira kutsidya la nyanja, kenaka zinasanduka ndalama za pa intaneti. Pamenepo ndiye iwala. Ukamatsuka m'kamwa m'mawa, izo zazungulira kale dziko lapansi."

"Nanga mawuwo?"

"Zosavuta. Umangoipatsa kompyuta mauthenga angapo a munthu, iyo n'kuphunzira kalankhulidwe kake. Ukatero umailembera zoti inene. Anzathu a maiko olemera akulira nazo kuposa ife, poti kumeneko ndiye kuli mazoba ambiri. Koma amene akuba sakhala komweko. Amakhala kwina, kumene apolisi ake anatsekedwa maso."

Sajeni anamufotokozera za Injiniya. Mawaya anasiya kusisita bondo.

"Ntchito anaipeza pa intaneti? Tikiti anamulipirira?"

"Eya."

"Amaimba foni, anthu n'kumuona nkhope?"

"Sindinafunse."

"Kafunse. Ine ndikupita nawe." Anatenga ndodo yake. "Sajeni, kuli nyumba zina kunjako, zazitali, zotchingidwa ndi mipanda ya waya. Amadzazamo achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana, onse anawanamiza za ntchito yabwino. Akangofika amawalanda mapasipoti. Ntchito yake ndi kubera anthu pa foni kuyambira kudzuka mpaka kugona, ndipo aliyense amamuikira mlingo woti akwanitse. Wolephera amaona zakuda."

"Ukutanthauza kuti wakubayo nayenso ndi wobedwa?"

"Tiye tikaone kaye."

* * *

A Mkuntho anawalandirira mu ofesi yawo ya kuseri, yodzaza mafelemu a aluminiyamu ndi zitini za pate womatira magalasi. Atangomva dzina la mwana wawo anamenya tebulo mpaka zolembera zinadumpha.

"Mwana wanga? Mwasowa wakuba ndiye mukufuna kudetsa Injiniya? Mwana amene akugwira ntchito m'nyumba ya nsanjika, ya mphepo yozizira? Ndikusumirani nonse awiri!"

"Mumamutumizira mauthenga a mawu?" anafunsa Sajeni mosatekeseka.

"Tsiku lililonse! Ndi mlandu?"

"Munamuuza kuti lole inagubuduzika? Kuti Chipewa munamuchotsa?"

"Ndimuuziranji zomvetsa chisoni mwana ali kutali? Ndimamuuza zabwino. Kuti bizinesi ikuyenda, kuti tikuitanitsa katundu wambiri chaka chino..." Mawu anawathera pakamwa.

"Iye amayankha ndi mawu?" anafunsa Mawaya.

"Amalemba. Ndi wotanganidwa."

"Munamuonapo pa foni akulankhula, chichokereni?"

"Akuti malamulo a kampani salola." Anatulutsa foni mwaukali. "Koma zithunzi amatumiza! Onani. Uyu akuoneka ngati wakuba kwa inu?"

Chinali chithunzi cha mnyamata wovala malaya oyera, akumwetulira, ataima pafupi ndi windo. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu malaya omwewo, khoma lomwelo, windo lomwelo, koma kolala inali itayamba kumukulira.

Sajeni anakuza chithunzicho ndi zala, osati pa nkhope, koma pambali pake.

"Bambo, ine za mawindo sindizidziwa. Inu ndiye mwakalambira pa ntchito imeneyi. Tandiuzeni za windo ili."

"Windo ndi windo," anatero a Mkuntho, koma maso anapita okha. Anayandikitsa foni. Anavala mandala.

"Chogwirira anachotsa," ananena pang'onopang'ono. "Onani mabowo a masikuluwa. Felemu anaiwotcherera, apa ndi apa. Silingatseguke ili." Anapuma mwabefu. "Ndipo zitsulozi... Zitsulo zotchinga akuba timamangira mabawuti mkati, kuti wa panja asamasule. Izi mitu ya mabawuti ili kunja."

"Kutanthauza chiyani?"

"Kutanthauza kuti sakuopa wolowa." Foni inagwera pa tebulo. "Akuopa wotuluka. Mayo ine! Chaka chathunthu ndakhala ndikuonetsa anthu chithunzi chimenechi. Ndimangoyang'ana malaya!"

Munthu wamkulu uja anakhala pa chitini cha pate. Wodula magalasi anasuzumira pakhomo, anaona abwana ake akulira, n'kubwerera chammbuyo osakhulupirira.

"Mutumizireni uthenga," anatero Mawaya. "Koma samalani, mafoni awo amawerengedwa. Musatchule polisi, musatchule ndalama."

A Mkuntho anatola foni. Analankhula motsitsa kwambiri, moti Sajeni sakanawazindikira.

"Mwananga, ndine bambo ako. Windo lako ndaliona."

Anadikira. Kunja kunkamveka magalimoto ndi kulira kwa chodulira magalasi. Mawaya anaika foni yake pambali pa ya a Mkuntho, yokonzeka kujambula. Dzuwa linasuntha pa khoma, tiyi amene wodula magalasi anabweretsa anazizira osamwedwa. Sajeni anali atayamba kuganiza kuti alakwitsa, kuti mwina amuika mnyamatayo m'mavuto oposa, pamene foni inanjenjemera.

Unali uthenga wa mawu, woyamba chichokereni mwanayo. Kumbuyo kwake kunkamveka madzi akutuluka pa mpopi, ndipo iye ankanong'ona mothamanga.

"Ababa, ndine ndinawapatsa mawu anu. Mwezi uno sindinakwanitse mlingo. Mnzanga amene analephera anamutengera chipinda cha pansi, mpaka lero sanabwerere. Anandifunsa ngati ndikudziwa aliyense wa ndalama. Ndinadziwa kuti Azakhali sangafunse kawiri. Ababa, musawakalipire, chonde, iwo sanala..."

Panamveka kugogoda kwamphamvu pa chitseko, ndipo uthengawo unathera pomwepo. Akuyang'ana chomwecho, unafufutika pa foni.

"Ndaujambula," anatero Mawaya, koma mawu ake anali ouma. "Tiutumiza kwa anzathu a kunja amene amasaka nyumba zoterezi. Ena amapulumutsidwa. Sindikulonjezani kanthu, bambo."

A Mkuntho sanamve. Ankangodina pamene panali uthenga paja, mobwerezabwereza.

* * *

Sajeni anatsegula yekha chitseko cha chitolokosi. Azakhali anali atakhala pa benchi ya simenti, nsapato atazivula n'kuziika bwinobwino pambali, manja ali pa miyendo. A Mkuntho anaima kumbuyo kwa Sajeni, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anadikira kuti wina ayambe kulankhula.

"Mayi, mlandu wanu watha. Valani nsapato, muzipita kunyumba."

"Mwamupeza?"

"Tamupeza."

"Ndani?"

Sajeni anacheukira a Mkuntho, koma iwo anangogwada pa simenti yonyowa, bambo wonenepa, tsaya lotupa, n'kugwira mapazi a mlongo wawo.

"Chemwali, ndakulakwira. Ndakuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndi mwana wathu. Ndi mwana wako uja."

Zotsalazo anafotokoza ndi Sajeni, mosabisa kanthu: za ntchito yabodza, za pasipoti, za mlingo, za chipinda cha pansi. Ananenanso, ngakhale zinamuvuta, kuti mnyamatayo anasankha iwowo chifukwa ankadziwa kuti sangafunse. Ankayembekezera kuti mayiwo akuwa, kapena akomoka, kapena atukwana mwana amene anamubereka kumbuyo n'kudzawagonetsa pa simenti. Akanatero, Sajeni sakanawaimba mlandu.

Misozi ya Azakhali inkatsika yokha, nkhope osagwedezeka. Kenaka anamugwira Sajeni pa mkono, zala zawo zozizira ngati chitsulo.

"Zinakwana?"

"Chiyani, mayi?"

"Ndalamazo. Zinakwana kuti asamutengere pansipo?"

A Mkuntho anali chigwadire pa simenti paja.

"Ngati sizinakwane mundiuze msanga," anatero Azakhali, akufufuza nsapato ndi phazi. "Ndili ndi mashini osokera kunyumba, ndi kabati, ndi bedi. Achimwene, dzukani apo, musandichedwetse. Kafunseni kuti ndi ndani angagule lero."